Inshulansi ya zomangamanga: zimene imateteza ndi zimene imasiya

Nyumba imene ikadali m'manja mwa amisiri imakhala pachiopsezo kuposa imene idatha kale. Khoma losauma likhoza kugwa ndi mvula ya usiku umodzi, simenti ndi zitsulo zikhoza kubedwa, ndipo dzenje la maziko likhoza kugumula mpanda wa woyandikana naye. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adakokolola nyumba ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ndi kuononga misewu ndi milatho m'chigawo chakummwera. Inshulansi ya zomangamanga idakhazikitsidwa kuti chipsinjo chotere chisagwere munthu mmodzi.

Inshulansi yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi imene makampani amaitcha Contractors' All Risks. Ili ndi magawo awiri. Gawo loyamba limateteza chimene chikumangidwacho pamodzi ndi zipangizo zimene zili pamalopo ku moto, madzi osefukira, mphepo, kugumuka kwa nthaka ndi umbava. Gawo lachiwiri limalipira anthu ena amene avulala kapena kuonongeredwa katundu chifukwa cha ntchitoyo. Gawoli n'lofunika zedi m'malo othinana monga mu Victoria Avenue kapena m'misewu ya m'Limbe, momwe njerwa yogwa kuchokera pansanjika imapeza munthu kapena galimoto pansi, ndipo wokumba ngalande akhoza kudula paipi ya Blantyre Water Board kapena nthambo ya ESCOM.

Kawirikawiri kontrakitala ndiye amagula inshulansiyi, koma dzina la mwini ntchito limalembedwanso m'chikalatacho. Imayamba kugwira ntchito zipangizo zikafika pamalo, n'kutha tsiku lopereka nyumba, msewu kapena mlatho kwa mwiniwake. Mbali ziwirizi zikagwirizana, imapitirira m'nyengo yokonza zolakwika, imene nthawi zambiri imakhala miyezi 12.

Ngakhale dzina lake likumveka ngati lophimba ngozi zonse, pali zambiri zimene imasiya. Silipira kukonzanso ntchito yogwiridwa mwachinyengo kapena mosasamala, kutha kwa makina chifukwa chokalamba, chindapusa chochedwetsa ntchito, ndiponso zoonongeka pa nkhondo. Zipolowe zimatetezedwa pokhapokha zitalembedwa mwapadera. Zolakwika za pulani zimafuna inshulansi ina, imene amagula mainjiniya ndi akatswiri ojambula mapulani. Antchito a kontrakitala nawonso sali m'gawo la anthu ena: lamulo la chipukutamisozi cha antchito la chaka cha 2000 limapereka udindowo kwa wolemba ntchito, ndipo amafunika kuwagulira yawo. Zikole zimene mabungwe a boma monga Roads Authority amafuna, zotsimikizira kuti ntchito idzatha kapena kuti ndalama zolipiridwiratu sizidzalowa m'madzi, ndi mgwirizano winanso.

Msampha waukulu uli pa mtengo wolembetsa. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zitsulo, malata ndi mafuta idakwera. Amene adalembetsa ntchito pa mtengo wakale amalandira gawo chabe. Mwachitsanzo, ngati nyumba idalembetsedwa pa K200 miliyoni koma kuimanganso lero kukufuna K400 miliyoni, zikaonongeka za K40 miliyoni kampani ikhoza kulipira K20 miliyoni yokha, n'kuchotsaponso kagawo kamene mwini inshulansi adavomera kudzilipirira yekha. N'chifukwa chake mtengo umayenera kuunikidwanso mitengo ikasintha, ndipo nthawi imayenera kuonjezeredwa ntchito ikachedwa.

Makampani a inshulansi m'dziko muno, monga NICO General, Britam ndi General Alliance, amayang'aniridwa ndi Gavanala wa Banki Yaikulu ya Reserve, yemwe ndi mlembi wa mabungwe azachuma potsatira malamulo a chaka cha 2010. Ku ofesi imeneyi n'kumene wosakhutira amakadandaula ngati kampani yalephera kumuthandiza.

Ngozi ikachitika, kontrakitala adziwitse kampani mwamsanga, ajambule zithunzi, asunge malisiti, ndipo asachotse zogumuka woyeza zoonongeka asanafike. Pa umbava pamafunika lipoti la apolisi. Mwini ntchito naye, kaya akumanga ku Chigumula kapena ku Namiwawa, aone chikalatacho ndi maso ake, masiku ake ndi umboni woti ndalama zidalipidwa, khasu loyamba lisanalowe pansi.