Anagula Chimbale, Kiyi Anatsala ku Bellevue

Pa 16 Novembala 2004 anthu ambiri ku America ndi ku Ulaya anakagula gemu ya pakompyuta yotchedwa Half-Life 2. Anali atayidikira zaka 6 chitulukire yoyamba ija mu 1998. Analipira, anatenga bokosi la zimbale, n'kuthamangira kunyumba. Koma ataika zimbalezo, gemu sinayambe. Inkafuna kuti munthu ayambe waika pulogalamu ina yotchedwa Steam, atsegule akaunti, alumikize kompyuta ku intaneti, kenako maseva a kampani ya Valve, yomwe likulu lake lili ku Bellevue m'chigawo cha Washington, atsimikize kuti gemuyo ndi yogula. Tsikulo maseva anapanikizika chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, moti ena anakhala maola akungoyang'ana kompyuta. Chowapweteka kwambiri chinali chakuti Half-Life 2 ndi gemu yosewera wekha. Panalibe mnzako wa kutali woti mulumikizane naye. Intaneti inkafunika pongopempha chilolezo basi.

Lero anthu a mtundu womwewo, ena mwa iwo omwe aja atakula, amanena poyera kuti gemu ikapanda kupezeka pa Steam sagula. Kutembenuka kumeneku n'kumene kwandichititsa chidwi. Steam sinasiye kukakamiza. Magemu ambiri ogulidwa kumeneko sungawatsegule popanda iyo mpaka pano. Ine ndikuona kuti chinasintha ndi funso limene osewera amafunsa. Mu 2004 ankafunsa ngati chinthu chimene agula chilidi chawo. Patangopita zaka zochepa ankangofunsa ngati chikugwira ntchito bwino komanso ngati chatsika mtengo.

Valve inali ndi zifukwa zake, ndipo sizinali zabodza. Kampaniyi anaiyambitsa mu 1996 ndi Gabe Newell ndi Mike Harrington, omwe ankagwira ntchito ku Microsoft. Gemu yawo yotchuka pa intaneti, Counter-Strike, inkawapatsa mutu. Akakonza china chake m'gemumo, osewera ankayenera kukasaka okha fayilo yatsopano, ndipo kwa masiku angapo ena ankakhala ndi yakale, ena yatsopano, osatha kusewera limodzi. Panalinso akathyali ogwiritsa ntchito mapulogalamu obera mpikisano. Steam, imene inalengezedwa mu 2002 n'kuyamba kugwira ntchito mu Seputembala 2003, inabwera ngati mankhwala a zonsezi, kuti aliyense azilandira zosintha nthawi imodzi. Koma poyamba inali yochedwa, yomangozima, ndipo osewera Counter-Strike anaida. Mu 2004 Valve itatseka netiweki yakale yotchedwa WON, imene anthu ankasewererapo, ena anakana kusamuka mpaka anadzipangira yawoyawo n'kuitcha WON2.

Panalinso nkhani ya ndalama. Nthawi imeneyo Valve inali kukhoti ndi Vivendi, kampani imene inkagulitsa magemu ake m'masitolo, ndipo mlanduwo unatha mu 2005. Wopanga gemu akagulitsa yekha pa intaneti sagawana ndi wosindikiza zimbale, wonyamula katundu, kapena mwini sitolo. Komanso mu 2003 mnyamata wina wa ku Germany, Axel Gembe, analowa mobera m'makompyuta a Valve, ndipo Half-Life 2 yosamaliza inafalikira pa intaneti isanatuluke. Kampani yoti yaberedwa chonchi sikanavutika kudzikhululukira poika loko pakhomo. Gemu itangotuluka, Valve inatseka maakaunti pafupifupi 20,000 a anthu amene inati ankafuna kuisewera mwachinyengo.

Madandaulo a mu 2004 sanali ofanana kulemera kwake. Ambiri anali a intaneti. Nyumba zambiri, ngakhale ku America, zinkagwiritsabe ntchito intaneti yodzera pa lamya ya m'nyumba, yoyenda ngati kamba, ndipo kungolandira zosintha zochepa kunkatenga usiku wonse. Dandaulo limeneli linafa lokha intaneti itayamba kuthamanga m'mayiko olemera. (Kwa ife kuno silinafe. Gemu ya masiku ano imatha kupitirira 100 GB, ndiye werengani nokha mabandulo ake, muwonjezerepo magetsi kuthima dawunilodi ili pakati.) Koma panali mafunso ena amene liwiro la intaneti silikanayankha. Valve ikadzagwa, magemu athu adzapita kuti? Akaunti ikatsekedwa, kaya molakwika kaya moyenera, zonse zimene ndinagula zipite nayo limodzi? Nanga gemu ndikatopa nayo, ndiigulitsa bwanji?

Funso lomalizali ndi limene ndimaliona lalikulu. Chimbale chinali katundu. Unkatha kubwereka mnzako, kusinthanitsa, kugulitsa ukasowa ya thiransipoti, kapena kusiyira mng'ono wako. Ife okulira m'dziko la kaunjika tikudziwa kuti moyo wachiwiri wa katundu ndi umene umafikitsa zinthu kwa osauka. Malaya, mabuku, mafoni, malaputopu amene ambirife timalembera ma asayimenti, zonsezi zinayamba zakhala za wina. Steam inadula njira imeneyi pa magemu a pakompyuta. Nambala ya m'bokosi ikangolembetsedwa pa akaunti yako, chimbale chija chimasanduka chopanda ntchito kwa wina aliyense. Bungwe loimira ogula ku Germany linatengera Valve kukhoti pa nkhani imeneyi, koma mu 2010 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera Valve. Ku France bungwe la UFC-Que Choisir linapambana mu 2019 pamene khoti la ku Paris linati ogula ali ndi ufulu wogulitsanso magemu awo, koma chigamulocho chinatembenuzidwa pa apilo mu 2022. Choncho amene ankadandaula mu 2004 sankalota ayi. Zimene ankaopazo n'zimene zinachitika, ndipo makhoti anazivomereza.

Nanga mkwiyo uja unapita kuti? Mbali ina unathawira kwa ena amene anachita zoipa kwambiri. Mu 2008 kampani ya EA inatulutsa gemu ya Spore yokhala ndi loko wotchedwa SecuROM, amene poyamba ankalola kuika gemuyo katatu kokha. Ogula anakadzaza tsamba la Amazon ndi ndemanga zoinyoza, ndipo gemuyo inakhala imodzi mwa zobedwa kwambiri chaka chimenecho. Mu 2010 Ubisoft inafika poti Assassin's Creed II, gemu yosewera wekha, izifuna intaneti nthawi yonse. Netiweki ikangoduka, masewero aima. Poyerekeza ndi zimenezi, Steam, imene inkakufunsa kamodzi n'kukulola kusewera ngakhale ulibe intaneti, inayamba kuoneka ngati mlonda waulemu.

Mbali ina, ndipo ndikuganiza kuti ndi yaikulu, unasungunuka ndi mitengo. Kuyambira 2005 Steam inayamba kugulitsa magemu a makampani ena, ndipo m'zaka zotsatira inatchuka ndi maselo a pa Khirisimasi ndi pakati pa chaka, pomwe gemu inkatsika ndi theka kapena kuposa. Munthu amene wagula gemu pa madola 5 sadandaula kwenikweni kuti sangathe kuigulitsa. Newell mwiniwake ananena mu 2011 kuti kuba magemu kumakula chifukwa cha kusatumikira bwino ogula, osati chifukwa cha mtengo wokha, ndipo anapereka chitsanzo cha Russia, dziko limene ena ankati n'losatheka kugulitsako kanthu koma linasanduka msika waukulu wa Steam. Apa ananena zoona. Kugula kukakhala kosavuta kuposa kuba, ambiri amagula. Koma taonani kuti mfundo imeneyi sikhudza umwini n'komwe. Imangoti anthu asiya kudandaula akamasangalala.

Pali chithunzi china cha mu 2009 chimene anthu amakonda kuchitchula pa nkhaniyi. Osewera anapanga gulu pa Steam lonyanyala Call of Duty: Modern Warfare 2 chifukwa choti opanga anachotsa mwayi woti anthu aziyendetsa maseva awoawo. Gemu itatuluka, wina anajambula tsamba la gululo, ndipo ambiri mwa mamembala amene ankaoneka pa tsambalo anali akusewera gemu yomweyo. Chithunzi chimodzi si umboni wa anthu onse, ndipo wophunzira mbiri ayenera kusamala nacho. Komabe chimaonetsa kufooka kwa kunyanyala kwa mtundu umenewu. Gemu ilibe mlowam'malo ngati sopo kapena shuga. Ukakana iyi, palibe ina yofanana nayo ndendende, ndipo anzako onse ali mkati akusewera. Chimene chimaiwalika pa gemu yomweyi n'chakuti inkafuna Steam mokakamiza ngakhale kuti sinali ya Valve, moti masitolo ena a pa intaneti monga Direct2Drive, Impulse ndi GamersGate anakana kuigulitsa, ponena kuti sangamagulitse katundu wolowetsa makasitomala awo m'sitolo ya mnzawo. Amene anaona ngoziyo msanga anali amalonda anzake. Osewera ambiri sanalabadire.

Kuchokera pamenepo zinthu zinangoyenda zokha. Gemu iliyonse imene munthu wagula inkawonjezera chifukwa chosachokera. Anzako ali pomwepo, mbiri ya zimene wakwanitsa m'magemu ili pomwepo, ndalama za zaka zambiri zili pomwepo. EA itatsegula sitolo yake ya Origin mu 2011 n'kukana kuika Battlefield 3 pa Steam, anthu anakwiya, koma mkwiyo wake unali wachilendo: sankati tisiyeni tisewere popanda pulogalamu yotilondera, ankati bwanji simunaiike pa pulogalamu imene tinazolowera. Pofika 2015, amene anagula bokosi la Metal Gear Solid V ya pakompyuta anapeza kuti m'chimbale muli kafayilo koikira Steam kokha, gemu yeniyeniyo mulibe.

Ngakhale zabwino zimene anthu amayamikira lero sizinabwere mwaulere. Lamulo loti ukhoza kubweza gemu pasanathe masiku 14 ngati sunaisewere maola opitirira 2 linayamba mu 2015, patatha zaka zoposa 10 Steam ilipo. Chaka cha 2014 bungwe la boma la Australia loteteza ogula linali litasumira kale Valve pa nkhani yokana kubweza ndalama, ndipo mu 2016 khoti linailipiritsa chindapusa cha madola a ku Australia 3 miliyoni.

Kutembenuka kwenikweni kunaonekera mu 2019. Epic Games, eni ake a Fortnite, anatsegula sitolo yawo mu Disembala 2018 n'kulonjeza kuti azitenga 12 peresenti yokha pa gemu iliyonse, pomwe Steam imatenga 30 pa magemu ambiri. Kuti akope anthu, anayamba kulipira opanga magemu kuti asagulitse pa Steam kwa kanthawi. Metro Exodus inachotsedwa pa Steam kutatsala milungu yochepa kuti ituluke, ndipo osewera anabwezera polemba ndemanga zoipa pa magemu akale a Metro, omwe analibe mlandu uliwonse. Mawu amene ankanena anali omwe aja a mu 2004: tikukakamizidwa, pulogalamu yake ndi yosalongosoka, sitikuwakhulupirira. Kusiyana kwake, ulendo uno ankateteza Steam.

Sindikunena kuti analibe mfundo. Sitolo ya Epic inalidi yoperewera, moti inatha pafupifupi zaka 3 ilibe ngakhale dengu loikamo magemu angapo n'kulipira kamodzi. Ndipo kulipira munthu kuti asagulitse kwa mnzako n'kosiyana ndi kuika gemu yako m'sitolo yako. Koma ngati nkhani inalidi ya ufulu wa wogula, panali kale kothawira. Kuyambira 2008 kampani ya ku Poland ya CD Projekt inatsegula GOG, sitolo yogulitsa magemu opanda loko. Ukagula umatenga fayilo yonse, kuisunga pa fulashi, n'kuika pa kompyuta iliyonse popanda kupempha kwa munthu. Anthu amaiyamikira kwambiri pakamwa, koma yakhalabe yaing'ono poiyerekeza ndi Steam. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero akuluakulu, koma apa ambiri anasankha wosungitsa kwa wina chifukwa wosungayo sanawakhumudwitsepo kwenikweni.

Chaka cha 2024 chinadzutsa mafunso akale aja. Mu Meyi, Sony inalengeza kuti osewera Helldivers 2 pa Steam ayenera kukhalanso ndi akaunti ya PlayStation Network. Vuto linali lakuti akaunti imeneyi siloledwa m'mayiko ambiri, kuphatikizapo ochuluka a mu Africa muno, chonsecho anthu a m'mayikowa anali atagulitsidwa kale gemuyo. Ndemanga zoipa zinagwa ngati mvula, ndipo patangopita masiku ochepa Sony inabweza mawu ake. Osewera a ku America ndi ku Ulaya anasangalala kuti apambana, ngakhale kuti pa nthawiyo gemuyo inali itachotsedwa pa msika m'mayiko oposa 170 ndipo sinabwerere pompo. Phokoso la zimenezi linali lochepa kwambiri poyerekeza ndi loyamba lija.

Chaka chomwecho Ubisoft inazimitsa maseva a gemu ya magalimoto yotchedwa The Crew, imene inatuluka mu 2014, ndipo aliyense amene anaigula, kaya pa intaneti kaya pa chimbale, anatsala ndi chinthu chosatseguka. Ross Scott, amene anatchuka pa YouTube ndi makanema oseketsa opangidwa m'gemu ya Half-Life, anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games yofuna lamulo loletsa makampani kupha magemu amene anthu analipira. Pempho lake ku European Union linapitirira masiginecha 1 miliyoni mu 2025. Nako ku California, mu Seputembala 2024 kunasainidwa lamulo loletsa masitolo a pa intaneti kugwiritsa ntchito mawu oti "kugula" popanda kufotokoza bwino ngati wogulayo akungopatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito. Mwezi wotsatira, kutangotsala pang'ono kuti Half-Life 2 ikwanitse zaka 20, Steam inaika kachiganizo pa tsamba lolipirira kodziwitsa wogula kuti chimene akulipiracho ndi laisensi ya gemuyo pa Steam.