Kuchokera kwa Maria kufika kwa Rami: mkazi m'nkhani zopeka za ku Mozambique

Chaka chilichonse pa 7 Epulo sukulu za kuno ku Milange zimachita nawo mwambo wa Tsiku la Amayi a ku Mozambique, pokumbukira Josina Machel amene anamwalira pa tsikuli mu 1971 ali ndi zaka 25. Ana amaimba, amayi amavala nsalu zofanana, akuluakulu amalankhula. Likatha tsikuli, nkhani ya mkazi sitiikhudzanso m'kalasi mpaka chaka chamawa. Aphunzitsi ena amandiuza kuti sadziwa poyambira, chifukwa akayamba ana amaona ngati ndi ulaliki, ndipo anyamata amangoseka. Alembi a dziko lino analemba kale nkhani zimene zingatipatse poyambira. Tikazitsata mwa zaka zake, timaona mmene malo a mkazi anasinthira m'zolembedwa, kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka pano.

Tiyambe ndi chaka cha 1964, pamene Luís Bernardo Honwana, mnyamata wa zaka 22, anatulutsa buku la nkhani zifupizifupi lotchedwa Nós Matámos o Cão-Tinhoso. Chaka chomwecho apolisi achinsinsi a PIDE anamumanga, ndipo anakhala m'ndende zaka zitatu. M'bukuli muli nkhani yotchedwa "Dina", imene imachitika m'munda wa chimanga wa mzungu pa nthawi yopuma masana. Madala ndi nkhalamba yodwaladwala imene imalima pamenepo. Mwana wake wamkazi, Maria, amabwera kudzamuona, ndipo mzungu woyang'anira antchito amamutengera m'chimanga nkugona naye, bambo ake ali pafupi. Anyamata amayembekeza kuti Madala anyamuka kuti iwo atsatire, koma mzungu uja amamupatsa botolo la vinyo ndipo iye amamwa. Onse amabwerera kukalima.

Honwana anaonetsa bwino nkhanza za ntchito ya m'minda ya atsamunda, zimene agogo athu amene anagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Milange, ku Gurué kapena kutsidya ku Mulanje angazizindikire msanga. Koma taonani amene nkhaniyi ikumutsata. Timalowa m'mutu mwa Madala, timamva kupweteka kwa m'mimba mwake ndi manyazi ake. Maria amalankhula pang'ono, ndipo chimene chimamudetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti bambo ake aona. Chipongwe chachitikira mkazi, koma mlandu wasanduka wa amuna okhaokha: woyang'anira, bambo ndi anyamata okwiya aja.

Panapita zaka 24 kuti mlembi wamkazi abwerere ku nthawi yomweyo ndi kuika mtsikana pakati pa nkhani. Lília Momplé anabadwira ku Ilha de Moçambique mu 1935, ndipo mu 1988 bungwe la alembi la AEMO linasindikiza buku lake la nkhani zisanu, Ninguém Matou Suhura, kutanthauza kuti palibe amene anapha Suhura. Nkhani iliyonse anaipatsa malo ndi chaka, kuyambira 1935 mpaka 1974, ngati mmene amachitira wolemba mbiri.

Imodzi mwa nkhanizi ndi "O baile de Celina", ya mu 1950 ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Celina ndi mtsikana wa makolo osakanikirana mitundu, ndipo wafika chaka chomaliza pa sukulu ya sekondale ya Liceu Salazar. Mayi ake, Dona Violante, ndi wosoka zovala, ndipo akhala akuvutika zaka zambiri pokhulupirira kuti maphunziro adzachotsa tsankho limene iwo anakumana nalo. Amusokera diresi lokongola la phwando la omaliza sukulu. Tsiku laphwando litafika, mkulu wa sukulu amaitana Celina pamodzi ndi mnyamata wina wa Chimwenye nkuwauza kuti asabwere, chifukwa kudzakhala bwanamkubwa wa dziko ndi alendo ena amene safuna kusakanikirana ndi anthu a khungu lina. Celina amabwerera kunyumba nkudula diresi lija ndi sizasi. Nkhani imeneyi inafika pa mndandanda wa zisanu zomaliza pa mphoto ya Caine mu 2001.

Nkhani imene inapatsa bukuli dzina ndi ya mu 1970 ku Ilha de Moçambique. Suhura ali ndi zaka 15, ndi wamasiye, sanapite kusukulu ndipo amakhala ndi agogo ake aakazi. Mkulu wa boma la atsamunda pachilumbapo amamuona panjira nkumufuna. Amatuma msilikali wake wachikuda kukaopseza agogo, ndipo mtsikanayo amatengeredwa kunyumba ya mayi wina amene amakonzera bwanayo malo ochitira zoterezi. Suhura amalimbana naye mpaka kufa. Msilikali uja amabweza mtembo usiku ndi kulamula agogo kuti asatchule munthu.

Apa pali zinthu ziwiri zimene mwa Honwana munalibe. Choyamba, atsikanawa ali ndi maganizo awo ndipo amachitapo kanthu, ngakhale kuti sapambana. Chachiwiri, Momplé amaonetsa kuti bwana sachita yekha. Pamafunika wonyamula uthenga, wopereka chipinda, ndi anthu ozungulira amene amadziwa koma nkukhala chete. Ena mwa anthuwa ndi akuda, ena ndi akazi. Mwana wa lero amene anaonapo mnzake akusiyitsidwa sukulu kuti akwatiwe amadziwa kuti pamakhalanso woperekeza, wolandira ndalama ndi wokhala chete.

Pakati pa mabuku awiriwa panachitika zambiri. Frelimo inakhazikitsa gulu la asilikali aakazi, Destacamento Feminino, mu 1967, ndi bungwe la amayi la OMM mu 1973. Ufulu utabwera mu 1975, boma linkaphunzitsa kuti mitala, malowolo ndi chinamwali ndi miyambo yobwezera mkazi m'mbuyo. Amayi ambiri a kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi sanavomereze za chinamwali, chifukwa kumeneko ndi kumene anamkungwi anali ndi ulamuliro umene mwamuna sakanaulowerera. Mkangano umenewu unafika m'zolembedwa kudzera mwa Paulina Chiziane, wobadwira ku Manjacaze m'chigawo cha Gaza mu 1955, amene mu 1990 anakhala mkazi woyamba wa dziko lino kutulutsa buku la nkhani imodzi yaitali.

Buku lake la mu 2002, Niketche, linatenga dzina la gule wa kuno ku Zambézia ndi ku Nampula. Rami, mayi wa kummwera, wakhala pabanja zaka 20 ndi Tony, mkulu wa apolisi, ndipo amatulukira kuti mwamunayo ali ndi akazi ena anayi ochokera m'zigawo zosiyanasiyana. Poyamba amamenyana nawo. Kenako amawasonkhanitsa, amakakamiza Tony kuti awavomereze poyera pamodzi ndi ana awo, ndipo amawabwereka ndalama zoyambira malonda. Aliyense akayamba kudzidalira, mphamvu za Tony zimatha. M'kukambirana kwawo, akazi a kumpoto amadabwa ndi kugonja kwa Rami, ndipo iye amaphunzira kwa iwo zimene kwawo sanauzidwe. Chiziane analandira mphoto ya Camões mu 2021, mkazi woyamba wa mu Africa kuilandira.

Ife a kuno tisafulumire kunyada ndi mmene bukuli limatamandira akazi a kumpoto. Nzoona kuti pakati pa Achewa, Amang'anja ndi Alomwe ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo pa chikamwini mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi. Koma mwini mbumba ndi malume, ndipo pa nkhani ya ukwati olankhula ndi ankhoswe. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2011 anapeza kuti pa akazi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 m'dziko lino, 48 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Kuyambira 2003 lamulo la unduna wa maphunziro linkasamutsira atsikana oyembekezera ku sukulu ya usiku, ndipo linathetsedwa mu 2018. Lamulo loletsa maukwati a ana, Lei 19/2019, linabwera chaka chotsatira. Atsikana amene ali m'makalasi athu lero ndi oyamba kukula malamulo atsopanowa alipo.

Mabuku onse atatuwa ali m'Chipwitikizi, chilankhulo chimene Suhura sakanatha kuwerenga. Apa ndi pamene mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri ali ndi mwayi. Maphunziro otere anayesedwa koyamba kuyambira 1993 mpaka 1997 pa ntchito ya PEBIMO, m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo anayamba m'sukulu za boma mu 2003. Chimene tonse timaona m'kalasi ndi chakuti mwana amene amayankha ndi mawu amodzi m'Chipwitikizi amatha kutsutsa ndi kupereka zifukwa akamalankhula Chichewa. Nkhani ya amene ali ndi mphamvu panyumba ndi pamudzi imafuna kutsutsana kotereku.

Si nkhani zonse zoyenera ana aang'ono. Ya Maria ndi ya Suhura ndi zoti tiwerenge ife aphunzitsi pa misonkhano yathu, kapena ndi ophunzira a sekondale. Ya Celina mukhoza kuifotokoza m'Chichewa kwa ana a kalasi 5 kapena 6, monga mmene timachitira ndi nthano. Imani pamene mkulu wa sukulu wamaliza kulankhula, nkufunsa ana kuti iwo akanatani. Mukamaliza nkhaniyo, afunseni chifukwa chimene Celina anadulira diresi limene mayi ake anavutika nalo, ndi zimene masiku ano zimaletsa mtsikana kufika kumapeto kwa sukulu. Atsikana ayambe kuyankha m'magulu awo okha, kenako kalasi lonse. Pomaliza lembani pabolodi mawu ofunika m'zilankhulo zonse ziwiri, monga ufulu ndi direito, tsankho ndi discriminação, kuti adzawazindikire akadzakumana nawo m'buku kapena m'lamulo.

Pali ntchito ina imene ili m'manja mwathu. Mibadwo ya akazi a kuno inalima thonje mokakamizidwa, inathyola tiyi, ndipo pa nkhondo ya zaka 16 inaoloka ku Muloza ndi ana kumsana. Ambiri mwa amayi a nkhondoyo akadali moyo m'midzi yozungulira phiri la Tumbine. Tumani ana kuti akafunse agogo awo aakazi za tsiku limodzi limene anakana kuchita zimene analamulidwa, ndipo akalembe m'Chichewa tsamba limodzi, osatchula mayina a anthu. Mukasonkhanitsa masambawo, tumizani ena kwa akonzi a kalatayi kuti aphunzitsi a sukulu zina awawerenge ndi ana awo.