Malamulo a mwambo wa asilikali

Msilikali wa dziko lino amamangidwa ndi malamulo awiri: a dziko ndi a usilikali, otchedwa Defence Force Act. Wopita kutchuthi kwawo kwa Wimbe, m'boma la Kasungu, nachedwa kubwerera ku Kamuzu Barracks kaamba kosankha fodya, walakwa mlandu wojomba popanda chilolezo. Milandu ing'onoing'ono amaweruza ndi mkulu wa gulu lake, pomwe ikuluikulu, monga kuthawa usilikali kapena kuukira akuluakulu, imapita kukhoti la asilikali. Komabe yunifolomu simchotsera ufulu wake. Gawo 42 la malamulo aakulu a 1994 likuti womangidwa aliyense auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chomwe amamva, asungidwe mwaulemu, ndipo aloledwe kuonana ndi loya komanso abale.