Mkaka "wopita" ndi munthu "wogwa": aneni a kusanduka m'Chingerezi

Wophunzira amene anaphunzitsidwa kuti "go" ndi kupita, "fall" ndi kugwa, "turn" ndi kukhota, amangoti kakasi akakumana ndi chiganizo chakuti "The milk went sour." Mkakawo wapita kuti? Pa "He fell ill" amafunafuna pamene munthuyo wagwera. Mafunso akewo si achibwana ayi. Chingerezi chinatola aneni a kuyenda n'kuwapatsa ntchito yonena za chinthu chimene chikusiya mkhalidwe wina kulowa wina, ndipo ife ophunzitsa chiyankhulochi kwa ana oyankhula Chichewa tilibe dzina limene tinagwirizana loitanira gulu la aneni amenewa.

M'buku lawo la 1985, A Comprehensive Grammar of the English Language, Randolph Quirk ndi anzake atatu anagawa pawiri aneni olumikiza mwininkhani ndi mtsirizitsi. Gulu la "be", "seem" ndi "remain" limanena mmene chinthu chilili. Gulu linalo, limene analitcha "resulting", limanena mmene chinthu chathera chitasintha, ndipo muli "become", "get", "go", "grow", "turn", "come" ndi "fall". M'kalasi magulu onse awiri timawaunjika pa liwu limodzi, kukhala. Komatu kukhala n'kukhala pampando, n'kukhala ku Ndirande, n'kukhalanso mphunzitsi. "Anakhala mphunzitsi zaka khumi" ndi "anakhala mphunzitsi atamaliza maphunziro" ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo Chingerezi chimafuna "was" pa yoyambayo, "became" pa yachiwiriyo.

Gwero la chisokonezo n'lakuti Chichewa sichifuna mneni wapadera pa ntchito imeneyi. Kukalamba, kutopa, kuola, kusasa, kufiira, kunenepa: aneni onsewa asenza kale kusinthako m'kati mwawo. Tikati "mkaka wasasa" tanena zonse ziwiri pakamodzi, kuti unasintha ndiponso kuti panopa ndi wosasa. Chingerezi chimasunga mikhalidwe yotereyi m'afotokozi ongoima chiimire, "old", "tired", "sour", "red", ndiye pamafunika mneni woti awayendetse. Ndipo mneniyo sasankhidwa mwachisawawa. "Go" amakonda zinthu zikamaipa: "go mad", "go blind", "go bankrupt". Simudzamva Mngerezi akuti munthu "went healthy". Maloto akakwaniritsidwa mneni wake ndi "come", monga mu "come true". "Fall" ndi wa zogwera munthu iye osafuna, matenda, tulo, kukhala chete. "Turn" ndi wa mitundu ya zinthu, nyengo ndi zaka zobadwa, n'chifukwa chake mtsikana "turned eighteen". "Grow" amayenda pang'onopang'ono, monga ukalamba ndi mdima. "Get" ndi wa pocheza, "become" ndi wa polemba. Ngakhale "become" yemweyo, amene timamuyesa mwini wake wa ntchitoyi, ndi wobwera: m'Chingerezi chakale "becuman" ankatanthauza kufika, ndipo mneni wa kusanduka anali "weorþan", m'bale wake wa "werden" wa m'Chijeremani, koma "weorþan" anazimirira m'kupita kwa zaka.

Pamene pali nkhani yaikulu ndi pamene chinthu chatsopanocho chili dzina. Ife timati "mbululu yasanduka chule", popanda mperekezi pakati. Mwana amatengera zomwezo n'kulemba "The tadpole turned a frog", mphunzitsi n'kuchonga ndi cholembera chofiira osamuuza chifukwa. Chifukwa chake n'chakuti "become" amagwira dzinalo mwachindunji, pamene "turn", "grow", "develop", "change" ndi "evolve" amafuna "into". Kamperekezi kameneka ndi komwe kamasonyeza polowa m'nyumba, ndipo pano kakutenga mkhalidwe watsopano ngati malo amene chinthu chalowamo. Apanso ndi pamene nthawi imaonekera. "Nyasaland became Malawi in 1964" ikunena za tsiku limodzi, 6 July. "Lilongwe became the capital in 1975" ndi chimodzimodzi, likulu linachoka ku Zomba ndipo chaka chake n'chodziwika. Koma "Lilongwe grew into a large city" ilibe tsiku. Ikunena za zaka zambirimbiri za kumanga ndi kusamukirako kwa anthu. "Turn into" sasamala kwenikweni za kutalika kwa nthawi. Chimene amaunika n'chakuti chotsatiracho chasiyana kutalitali ndi choyambacho.

Beth Levin, m'buku lake la 1993 la magulu a aneni a Chingerezi, anaonetsa kusiyana kwina kumene mabuku a kusukulu amakudumpha. Aneni a mtundu wa "grow" amayang'ana mbali zonse ziwiri: "The seed grew into a tree" ndi "The tree grew from a seed" zonse n'zolondola. Aneni a mtundu wa "turn" amayang'ana kutsogolo kokha. Ukhoza kunena "from a tadpole into a frog", koma "The frog turned from a tadpole" payokha ndi yopunduka. Kusiyana kwina n'kwa wochititsa. Ife tili ndi kusanduka ndi kusandutsa, ndipo msintho wochititsa umamveka ndi khutu. Chingerezi chimagwiritsa ntchito liwu lomwelo mu "Water turns into steam" ndi "Heat turns water into steam". Koma "become" salola wochititsa mpang'ono pomwe.

Nanga gulu limeneli tilitche chiyani? Akatswiri a ziyankhulo amati "inchoative", kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kuyamba. Kulibwereka momwemo sikungathandize, pakuti ngakhale Angerezi wamba salidziwa. Kulimasulira kuti "aneni oyamba" kungasocheretse mwana kwa "begin" ndi "start", amene ntchito yawo ndi ina. Ena angakonde "aneni a kusintha", ndipo ndikumva chifukwa chake, koma m'galamala yathu liwu lakuti msintho lili kale ndi ntchito: msintho wochitidwa, msintho womuchitira, msintho wochitirana. Mwana wa Fomu 2 amene waphunzira zimenezi m'mawa asokonezeka masana. Kusintha n'kotakatanso kwambiri, timasintha malaya, timasintha ndalama, koma malayawo sasanduka kanthu kena.

Ine ndimakonda "aneni a kusanduka". Ndikudziwa chodandaula cha anzanga, kuti liwuli limanunkha ufiti, munthu kusanduka fisi usiku, ndiponso kuti limamveka ladzidzidzi moti silingakwane pa "grow old". Koma tamverani mmene anthu amayankhulira. Munda wosalimidwa umasanduka tchire, ndipo sizichitika usiku umodzi. Mwana wofatsa amasanduka chidakwa pang'onopang'ono, makolo akuona. Mphunzitsi wa sayansi amati madzi asanduka nthunzi popanda wina kuganiza za mfiti. Liwuli limakwana pa kusanduka kofulumira ndi kochedwa komwe, ndipo likubwera ndi mnzake kusandutsa, amene tikumufuna pofotokoza "turn" wa wochititsa. Sindidana ndi mawu obwereka. Galamala, sukulu ndi kompyuta tinazilandira bwinobwino. Koma kompyuta umailoza ndi chala, pamene gulu la aneni silioneka ndi maso, ndiye dzina lake liyenera kuphunzitsa lokha. Ndi mmene amachitira mneni, mlowam'malo ndi mperekezi: ukangomva dzina wamva ndi ntchito yomwe.

Mayina abwinowa anakhazikika pophunzitsa Chichewa chenichenicho. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, imene inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Chimene chikusowa ndi mawu ofotokozera Chingerezi m'Chichewa, chifukwa ndondomeko zathu zimayesa kuti Chingerezi chimadzifotokoza chokha. Lamulo la maphunziro la 2013 linati ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Komabe zikavuta pa bolodi mphunzitsi amatembenukira ku Chichewa, ndipo aliyense amapeka mawu ake, wa ku Dedza ena, wa ku Mulanje ena. Amene akufunitsitsa kuti ana adziwe Chingerezi msanga ndiwo anayenera kukhala oyamba kupempha kabuku ka mayina ogwirizana, poti Chichewa chilowamo m'kalasimo, kaya lamulo lifune kaya lisafune.

Kabuku kameneko kadzafunika kupezanso malo a ziganizo monga "She wiped the table clean" ndi "They painted the door blue". Mulibemo mneni wa kusanduka ngakhale mmodzi, koma tebulo layera ndipo chitseko chasintha mtundu. Ife timafuna aneni awiri, "anapukuta tebulo mpaka linayera", pamene Chingerezi chimangoika mfotokozi pambuyo pa pamtherankhani. Mfotokozi ameneyu ndingamutche mtsirizitsi wa zotsatira, ndipo ndingamuphunzitse sabata yomweyo ndi "become" ndi "turn into".