Nkhokwe za intaneti zikhale pafupi

Mukatsegula kanema pa foni yanu ku Fonte Boa, kanemayo amacokera kwina. Amasungidwa pa kompyuta yaikulu, dzina lake seva. Seva ili ngati nkhokwe: imasunga mawu, zithunzi, nyimbo ndi makanema.

Kodi nkhokwezi zili kuti?

Maseva ambiri ali kutali, ku South Africa, ku Ulaya ndi ku America. Foni yanu imalumikizana ndi nsanja ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel. Kucokera pansanjapo, uthenga umayenda m'zingwe mpaka kugombe, kenako m'zingwe za pansi pa nyanja. Cingwe ca SEACOM cinafika ku Maputo mu 2009, ndipo ca EASSy cinafika mu 2010.

Vuto la nkhokwe yakutali

Ulendo ukatalika, uthenga umacedwa. Makampani a mafoni amalipiranso kuti adutse m'zingwe zakunja, ndipo ndalamazo zimalowa mu mtengo wa mamega amene mumagula. Cinanso, cingwe cimaduka. Pa 12 Meyi 2024, zingwe ziwiri zija zinaduka m'nyanja. Intaneti inavuta kwa masiku angapo ku Moçambique, ku Malawi ndi ku Tanzania.

Zimene dziko lacita

Mu 2002, ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo kunatsegulidwa MOZIX. Awa ndi malo okumanirana makampani a intaneti, ngati pamphambano. Uthenga wa m'dziko muno ukadutsa pamenepo, susowa kuzungulira kunja. Boma linamanganso nyumba ya maseva ku Maluana, m'boma la Manhiça. Komabe Maputo ndi kutali ndi Tsangano ndi Ulónguè.

Nkhokwe ya pamudzi

Sukulu, cipatala kapena gulu la alimi likhoza kukhala ndi seva yaing'ono yakeyake, yoyendera magetsi a dzuwa. Anthu amalumikiza mafoni awo ndi Wi-Fi, n'kumawerenga osawononga mamega. Pulogalamu yaulere ya Kiwix imagwira nchito motere. Imasunga Wikipedia kuti muwerenge ngakhale netiweki itathawa.

Nanga mwaikamo ciani?

Nkhokwe yopanda cimanga sithetsa njala. Zolembedwa m'Cinyanja pa intaneti n'zocepa kwambiri. Munthu wa ku Ulaya sangalembe za kasungidwe ka mbewu ya mbatata ya kacewere ku Tsangano. Amene mumadziwa zimenezi ndinu.

Ndiye yambani ndi zimene muli nazo. Jambulani mawu a agogo pofotokoza mbiri ya mudzi, koma muyambe mwawapempha. Lembani malangizo a alangizi a zaulimi. Sungani zonsezi pa memori khadi, ndipo kopi ina ikhale kwa mphunzitsi wanu. Tsiku limene seva idzafike kusukulu kwanu, idzapeza zokolola zili kale pabwalo.