Kanyumba ka kuseli kwa yadi: kanacokela kuti?

Mayadi ambili akale a ku Rhodes Park, Woodlands ndi Kabulonga ali ndi kanyumba kuseli, pafupi ndi galaji. Ambili a ife ndiye kumene tinayambila kucita lendi titayamba nchito. Timangoti ni servants' quarter, osaganizilanso tanthauzo la dzinalo. Koma mbili ya kanyumbaka ndiyo mbili ya amene anali kuloledwa kugona mu tauni.

Likulu la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone kubwela ku Lusaka mu 1935. Pulani yoyamba anailemba Professor Stanley Adshead mu 1931: mzinda wa mayadi aakulu, mitengo ndi miseu yotakata, wokhalamo azungu. Munthu wakuda anali kuonedwa ngati mlendo wobwela kudzagwila nchito cabe. Anali kuyenda ndi citupa, ndipo malo ogona anali kupatsidwa ndi abwana ake. Kwa wophika ndi wosamala maluwa, malowo anali kanyumba ka kuseli. Nchito ikatha, nyumba nayonso yatha.

Amene analibe abwana owapatsa malo anamanga pa mafamu a azungu, n'kumalipila eni ake. Ndiye cifukwa cake makomboni ena ali ndi maina monga George. Lamulo la 1948 ndilo linakakamiza makhonsolo kumanga nyumba za mabanja a anthu akuda, ndipo Matero ndi Chilenje zinakula pambuyo pake.

Ufulu utabwela mu 1964, ziletso za kayendedwe zinatha ndipo anthu anathamangila mu Lusaka. Koma lamulo la zomangamanga, Town and Country Planning Act la 1962, linakhalabe. Kwa lamulolo, nyumba za mu komboni zinali zosaloledwa. Mu 1974 boma linavomeleza kuti anthu sadzacoka, ndipo linapanga Housing (Statutory and Improvement Areas) Act, imene inapatsa anthu a m'makomboni ovomelezedwa cilolezo cokhalapo ca zaka 30. Motelo mzinda umodzi unakhala ndi malamulo awili, la kumayadi ndi la kukomboni. Malamulo onse awili anacotsedwa mu 2015, m'malo mwake munabwela Urban and Regional Planning Act.

Manje kuseli kwa yadi kwasanduka munda wa alandilodi. Galaji ikhala saluni kapena kashopu, shedi ya malasha ikhala cipinda ca wophunzila wa pa UNZA, pamene panali ndiwo paima maflati atatu. Lamulo likuti kumanga nyumba yatsopano, ngakhalenso kusintha nchito ya nyumba imene ilipo kale, kufunika cilolezo ca khonsolo. Ambili sapita ku Civic Centre kukapempha.

Tili ndi cifukwa cokayikila malamulo otele, pakuti agogo athu anawaona akugwilitsidwa nchito yowapatula. Koma ndife amene tigona m'tunyumbatu. Cipinda cikakhala cilibe windo, cimbudzi cikakumbidwa pafupi ndi citsime, kapena cipupa cikatseka ngalande ya madzi a mvula, wovutika ni wa lendi. Khonsolo ikabwela kudzagwetsa, katundu woponyedwa panja ni wathu.

Conco tisanalipile lendi ya miyezi itatu, tiziwafunsa alandilodi ngati pulani ya nyumbayo inavomelezedwa. Ndipo pamene khonsolo ikonza mapulani a madela athu, tiziyankhulapo, kuti malamulo a kuseli kwa yadi alembedwe poganizila anthu amene akhalako.