Bango wolusa wa ku North America ndi kafukufuku womugonjetsa

Ife a m'mbali mwa nyanja timamudziwa bango ngati chomera chothandiza. Timaluka naye mphasa, timamanga naye mipanda, ndipo nsomba zing'onozing'ono zimabisala m'mizu yake. Koma ku Canada ndi ku United States kuli mtundu wa bango umene wasanduka mliri m'madambo. Dzina lake la sayansi ndi Phragmites australis, ndipo ndi m'bale wa bango wathu.

Kumene anachokera

Bango ameneyu kwawo ndi ku Europe. Akatswiri amakhulupirira kuti anafika kugombe la kum'mawa kwa America ndi sitima zapamadzi, zaka zoposa 150 zapitazo. Kumeneko kunali kale bango wa komweko, ndipo poti awiriwa amafanana kwambiri, anthu sanazindikire msanga kuti kwalowa mlendo. Mu 2002, Kristin Saltonstall anafalitsa kafukufuku wa DNA wosonyeza kuti bango amene ankafalikira mofulumirayo anali wochokera kunja.

Kuopsa kwake

Mlendoyu amatalika mpaka mamita 5, ndipo amamera mothithikana moti zomera zina zimasowa dzuwa n'kufa. Akamba a m'madzi amalephera kudutsamo, mbalame zina zimasowa pomanga zisa, ngalande zimatsekeka, ndipo mapesi ouma amakolezera moto. Amafalikira ndi njere, ndi mizu yoyanga pansi, ngakhalenso ndi tizidutswa tokakamira ku makina okonza misewu. Kumutchetcha ndi kumuwotcha sikumuthetsa chifukwa mizu imaphukanso. Mankhwala monga glyphosate amamupha, koma ndi okwera mtengo ndipo ayenera kupoperedwa mobwerezabwereza pafupi ndi madzi.

Njira ya asayansi

Ku Europe bango yemweyu savuta chonchi, mwa zina chifukwa kuli tizilombo tambiri timene timamudya. Powoloka nyanja, adani ake ambiri anatsala kwawo. Ndiye mu 1998 asayansi a ku Cornell University ndi University of Rhode Island, mogwirizana ndi bungwe la CABI ku Switzerland, anayamba kufunafuna tizilombo toyenera kumutsatira.

Anasankha mitundu iwiri ya agulugufe ouluka usiku, Archanara neurica ndi Lenisa geminipuncta. Wamkazi amaikira mazira m'khwawa la tsamba lokuta phesi. Mazirawo amakhala momwemo nyengo yonse yozizira, kenako mbozi zimaswa n'kuboola phesi, monga amachitira kapuchi m'chimanga. Nsonga imafota ndipo bango amalephera kutalika ndi kubereka njere zambiri.

Chifukwa chake zinatenga nthawi

Kachilombo kakaulutsidwa m'tchire sikabwezedwanso. Choncho kwa zaka pafupifupi 20 asayansi ankayesa ngati mbozizi zingadye mbewu za m'munda kapena zomera zina. Nkhawa yaikulu inali pa bango wa komweko. Anapeza kuti agulugufewa amakonda kuikira pa bango wachilendo, komanso kuti bango wa komweko amayoyola makoko a masamba ake nyengo yozizira isanathe, zimene zimachititsa kuti mazira ambiri oikiridwa pa iye awonongeke. Boma la Canada linavomereza mu 2019, ndipo agulugufewa anayamba kumasulidwa m'chigawo cha Ontario. Cholinga si kumutheratu bango, koma kumufooketsa kuti zomera zina zipezenso malo.

Phunziro kwa ife

Nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno. Namasupuni anachokera ku South America, ndipo wakhala akutseka mtsinje wa Shire n'kusokoneza usodzi ndi magetsi. M'zaka za m'ma 1990 nafenso tinalandira tizilombo ta mtundu wa Neochetina, tofanana ndi anankafumbwe, kuti tizimudya.

Chisilamu chimatiphunzitsa kuti Allah analenga chinthu chilichonse ndi muyeso wake, ndipo munthu ndi khalifah, wosungitsidwa dziko. Chomera chabwino kwawo chikhoza kukhala chiwonongeko kwina, ndipo kukonza kumatenga zaka zambiri kuposa kuwononga. Choncho abale ndi alongo, musadzale m'dambo kapena kutaya m'nyanja chomera cha m'madzi chimene simukuchidziwa, ngakhale maluwa ake akongole bwanji. Asodzi, posamutsa bwato kapena ukonde kupita ku madzi ena, yambani mwachotsa zinyalala zonse za zomera n'kuumitsa bwino. Ana athu adzafuna kupeza nyanja ili ndi nsomba.